Musanabaye jakisoni, gwirani kaye bondolo

Linali Loweruka, tsiku la msika, pamene alamu anga anandipeza ndikumwa tiyi pa kantini ina kwathu kuno ku Dedza. Sanakhale n'komwe pansi.

"Alamu, tiyeni mukaone bulu wanga. Bondo latupa ngati papaya, kuyenda kwake n'kotsimphina. Inu munakhalitsa ndi mahatchi ku Joni, mungondiuza dzina la jakisoni wake ndikagule."

Ngolo inali itaima kuseri kwa chigayo, matumba a mbatata ya kachewere atasanjikizana mpaka kupitirira matabwa a m'mbali. Abulu awiri anali m'goli la ng'ombe. Wa kumanzere anali atazolika mutu, makutu atagwa, mwendo wakutsogolo atangogunditsa nsonga ya chiboda pansi. Bondo linalidi lotupa. Anthu anali atasonkhana kale, aliyense ndi mankhwala ake. Uyu akuti timuthowe ndi madzi otentha, uyo akuti titemepo mphini magazi oipa atuluke, winanso akuti pamafunika oyilo wakuda wa m'chigayomo. Mnyamata wina wogulitsa mankhwala a ziweto anali atafika ndi botolo limene ankati limachiza chilichonse.

Dzina la jakisoni ndinakana kutchula, ndipo alamu anga anaipidwa poganiza kuti ndikuumira nzeru. Lero ndafuna ndifotokoze chifukwa chake pagulu, popeza pempho ngati lawo ndimalimva kawirikawiri. Kutupa kwa bondo kuli ngati kulira kwa khanda. Likhale ndi njala, likhale ndi malungo, kapena nyerere yalowa m'thewera, kulira n'kumodzimodzi, koma palibe mayi wanzeru amene amamwetsa mwana mankhwala a malungo asanayang'ane m'thewera. Ife eni ziweto timachita zimenezo tsiku ndi tsiku, ndipo nyama zambiri zimene zapunduka m'midzi muno zinapundulidwa ndi chithandizo chathu chothamangira kuposa matenda enieniwo.

Ndinagwira ntchito zaka 11 m'makola a akavalo kumpoto kwa Johannesburg, cha ku Kyalami, kumene minda yake ndi msipu ndipo chuma cha munthu chimayenda ndi miyendo inayi. Ndinayamba ndi kuwola ndowe, monga amayambira Amalawi ambiri kumeneko. Amene anandiphunzitsa anali mdala wina wa ku Lesotho, munthu wobadwira pamsana pa kavalo, wosakonda zolankhulalankhula. M'mawa uliwonse, tisanapereke chakudya, ankalowa m'khola lililonse n'kutsetsereka ndi chikhatho pa miyendo yonse inayi, kuchokera m'mwamba mpaka ku chiboda. Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Madala, mukufuna chiyani pa nyama yoti ili bwinobwino?" Anandiyankha kuti dzanja limene silidziwa mwendo wabwino silingazindikire wodwala. Pa zonse zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Joni, njinga yamoto inatha, malata achita dzimbiri, koma mawu amenewo ndikadali nawo.

Chimene timachitcha bondo pa mwendo wakutsogolo wa kavalo kapena bulu si chinzake cha bondo la munthu. Chinzake ndi apa timavala wotchi, polumikizana dzanja ndi mkono. M'menemo muli timafupa 7 kapena 8 tosanjikizana m'mizere iwiri, ndipo malo olumikizana mafupa alipo atatu, ena pamwamba pa anzawo. Nsonga za mafupawo zimakutidwa ndi kanthu koyera kosalala kaja timatafuna pa fupa la nkhuku, ndipo pakati pake pamakhala timadzi tonanda tachikasu tofewetsa. Kutsogolo kwa bondo kulibe mnofu wotchinjiriza: ndi chikopa, mitsempha yoongolera mwendo, kenaka fupa. Tsono malo osatetezeka amenewa ndiwo amasenza katundu wamkulu, chifukwa pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a kulemera kwa nyamayi amatsamira pa miyendo yakutsogolo. Pamalo pothinana chonchi, zinthu zimene zingatupe n'zambiri: chikopa, kathumba ka pansi pa chikopa, chikuto cha mtsempha, malo olumikizana mafupa, kapena fupa lenilenilo. Kunja zonse zimaoneka ngati papaya wa alamu anga.

Bondo loyamba limene linandithamangitsa mtima linali la kavalo wina wamkulu wofiirira, wadyera ngati fisi. Akangomva ndowa ya chakudya ikulira, ankamenya chitseko cha khola ndi bondo mpaka atapatsidwa. Tsiku lina ndinapeza kutsogolo kwa bondolo kwatukuka ngati lalanje. Ndinathamanga kukaitana mdala uja. Iye anangogwira, n'kundigwiritsanso ine. Chotupacho chinali chofewa ngati jumbo ya madzi, chozizira, ndipo kavaloyo sanagwedezeke n'komwe pochidinikiza. Titamuyendetsa, sankatsimphina. Madokotala amachitcha hygroma: madzi amene amasonkhana pansi pa chikopa chifukwa cha kugundagunda pamalo amodzi, kaya ndi chitseko, kaya ndi kugona pa simenti yopanda udzu. Chimanyansa m'maso, koma nthawi zambiri sichipweteka. Tinakhomera mphira pa chitseko, tinaonjezera udzu wogonapo, ndipo tinayamba kumupatsa iye chakudya poyamba. Ngozi ya chotupa chotere imabwera ndi munthu wa lumo kapena singano, chifukwa akangochiboola walowetsa tizilombo pamalo pamene panali poyera, ndipo chotupa chosalakwa chimasanduka chilonda cha mafinya choyandikana ndi mafupa. A ng'ombe zangolo amve bwino apa: pa ng'ombe, chotupa chonga chimenechi pabondo nthawi zina chimabwera ndi brucellosis, matenda otayitsa bere amene amagwiranso anthu. Wotema mphini ndi manja osavala kanthu akhoza kudzitengera yekha.

Bondo lachiwiri linali losiyana kwambiri. Anatibweretsera kavalo wamng'ono wochokera ku mipikisano, wa mtundu uja umathamanga pa bwalo la Turffontein ndi pa mpikisano wa Durban July. Bondo lake silinali lalikulu ayi. Kutupa kwake kunali kochepa, timatumba tiwiri todzadza m'mbali mwa mtsempha wakutsogolo, tofunda pang'ono. Akapuma masiku angapo ankayenda bwino, akathamanga ankabwerera akutsimphina, ndipo ukamupinda bondo kwa kanthawi n'kumusiya, masitepe ake oyamba ankakhala oipa. Dokotala atajambula, chithunzi chinaonetsa kachibenthu ka fupa kochepa ngati njere ya mtedza. Chimachitika n'chakuti kavalo wolemera makilogalamu pafupifupi 500 akamathamanga liwiro la makilomita 60 pa ola, pamakhala kamphindi pamene thupi lonse lili pa mwendo umodzi wakutsogolo. Minofu ikatopa, bondo limapindikira kumbuyo mopitirira, m'mphepete mwa timafupa tija mumagundana, ndipo pamabenthuka. Madokotala amalowetsa kakamera pa kabowo n'kuchotsa chibenthucho. Palibe mafuta opaka kapena jakisoni amene angasungunule fupa. Kusiyana kwa mawondo awiriwa kunandiphunzitsa kuti kukula kwa chotupa sikukuuza kukula kwa vuto. Lalikulu lija linali lopanda kanthu, laling'onoli linafuna opaleshoni.

Bondo lachitatu ndimalikumbukira ndi manyazi, chifukwa wolakwa ndinali ine. Linali Lachisanu madzulo. Kavalo wina wamkazi, wofatsa, wokwera ana, anabwera kuchokera kubusa ali ndi kadontho ka magazi kutsogolo kwa bondo, kabala kochepa ngati kobayidwa ndi munga wa mthethe. Ndinatsuka, ndinapaka mankhwala ofiirira, ndipo sindinauze munthu. Ndinaona timadzi tachikasu tonanda tikutuluka pang'ono, koma ndinati ndi madzi a pachilonda. Loweruka anatsimphina pang'ono. Lamulungu m'mawa ndinamupeza ataima ndi miyendo itatu, thukuta lili kamukamu, bondo likutentha ngati mbaula, chakudya osachiyang'ana. Kutentha kwa thupi la kavalo wamkulu kumakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5, koma iye anali atapitirira pamenepo. Mungawo unali utafika mpaka molumikizana mafupa, ndipo timadzi tija tinali tofewetsa mafupa tomwe. Tizilombo tikalowa m'menemo timayamba kudya kosalala kaja m'masiku ochepa, ndipo kakadyeka sikameranso. Dokotala anatsuka m'kati mwa bondomo ndi malita ambiri a madzi a m'madiripi, kangapo, pamodzi ndi maantibayotiki. Kavaloyo anapulumuka, koma palibe mwana amene anamukweranso. Mdala uja sanandikalipire. Anangoti, safunsa anadya phula, m'chinenero chake koma tanthauzo lomwelo. Kuyambira tsiku limenelo, bala lililonse lapafupi ndi bondo, lichepe bwanji, ndimalitenga ngati moto pa denga la udzu. Bala lalikulu lokhukhuluzika pamene nyama yagwa chogwada pamsewu limaopsa m'maso, koma kabowo kakang'ono kozama ndiko kamapha. Ndiponso m'mabowo otere ndimo mumamera kafumbata, amene akavalo ndi abulu sachedwa kufa naye.

Mawondo ena amabwera ndi msinkhu. Kamwana ka kavalo kapena ka bulu ka masiku ochepa kakatupa bondo n'kumatsimphina, anthu amafulumira kunena kuti make wakaponda. Kawirikawiri si choncho. Tizilombo timalowera pa mchombo wosauma n'kuyenda ndi magazi mpaka m'mawondo, makamaka ngati mwanayo sanayamwe mokwanira mkaka woyamba uja wachikasu m'maola oyambirira atabadwa. Pamenepo ndi pofunika dokotala tsiku lomwelo. Nyama ya chaka chimodzi kapena ziwiri imatha kutupa molimba pamwamba pang'ono pa bondo, pamene fupa likukulira, chifukwa malo amenewo samaliza kukhwima mpaka nyamayo itapitirira zaka ziwiri. Ndipo yokalamba imakhala ndi nyamakazi: bondo lolimba gwa ngati mfundo ya mtengo, losapindika mpaka kumapeto, louma m'mawa wozizira wa June koma lomasukako dzuwa likakwera. Nyamakazi sichira. Imangopepuzidwa ndi ntchito yochepa, malo ofewa, ziboda zodulidwa bwino ndi mankhwala operekedwa mwanzeru.

Ndipo pali chinthu chimene chimasokoneza ngakhale odziwa: kutupa kukhoza kukhala pabondo pamene vuto lili kwina. Kutsimphina kwambiri kwa miyendo yakutsogolo kumachokera m'chiboda. Kamwala kakalowa pamzere wolumikiza khoma la chiboda ndi pansi pake, mafinya amasonkhana m'kati mopanda potulukira, ngati chithupsa cha pansi pa chikhadabo. Nyama imene dzulo inali bwino lero imakana kupondetsa mwendo, mungayese yathyoka, ndipo kutupa kumatha kukwera mwendo wonse mpaka pabondo. Kulumidwa ndi njoka kapena kachilonda kolowa tizilombo pansi pa chikopa kumatupitsanso mwendo wonse ngati mtondo. Ndicho chifukwa chake dokotala wabwino, mukamuitanira bondo, amayamba wanyamula chiboda.

Tsono bwererani ku botolo lija lochiza chilichonse. Kodi lichiza chiti pa zonsezi? Ngati muli maantibayotiki, sachita kanthu pa chibenthu cha fupa, pa nyamakazi, kapena pa thumba la madzi. Ngati ndi mankhwala opha ululu, ndiye pali nkhani ina, ndipo apa ndi pamene ndimasemphana ndi anzanga ambiri. Ku makola kuja tinkagwiritsa ntchito phenylbutazone, amene aliyense amangoti bute, ufa woyera wothira m'chakudya. Ndi mankhwala abwino kwa nyama imene ikupuma. Koma ululu uli ndi ntchito yake: ndiwo umaletsa nyama kupondetsa mwendo wovulala. Mukauchotsa n'kuibweza nyamayo m'goli, mwachotsa mlonda pakhomo akuba ali pafupi. Mng'alu umene ukanapola umatha kukhala kuthyoka, ndipo bondo lolowa tizilombo limabisika masiku awiri amene akanalipulumutsa. N'chifukwa chake pa mipikisano ya ku South Africa amayeza magazi ndi mkodzo wa akavalo, ndipo saloleza kavalo kuthamanga mankhwala otere akugwira ntchito m'thupi. Komanso mankhwalawa akachuluka amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, makamaka pa nyama yosowa madzi, monga amakhalira abulu athu tsiku la msika. Thupi la bulu limathanso mankhwala amenewa msanga kuposa la kavalo, choncho muyeso wake si woti munthu aziyerekezera pa kauntala.

Ndikudziwa chimene ena mukunena m'mitima mwanu, chifukwa alamu anga anandiuza pamaso. "Alamu, zimenezo n'za azungu anu a ku Joni. Kuno makina ojambulira bulu ali kuti? Akapuma sabata, ana adya chiyani?" Funsoli ndi lachilungamo ndipo sindilipeputsa. Akavalo m'dziko muno ndi owerengeka, monga aja alendo akhala akukwera pa phiri la Zomba ndi ku Kande, ndipo eni ake ali nako kothawira. Wosenza dziko lino ndi bulu, amene amakoka njerwa, mchenga, nkhuni, madzi ndi mbewu ku Dedza, Lilongwe, Ntcheu ndi Mchinji, ndipo mwini wake amadya za tsiku lomwelo. Koma mwendo wa bulu unapangidwa mofanana ndi wa kavalo wa ku Turffontein, ndipo umphawi wa mwini wake susintha mmene fupa limapolera. Wolemera akapundula kavalo amagula wina. Wosauka akapundula bulu wataya banki yake yonse, ndipo mnzake wa m'goli amatsala wopanda ntchito. Amene sangakwanitse kupumitsa bulu sabata imodzi ndiye amene sangakwanitse n'komwe kumutaya. Kuthamanga sikufika.

Chinanso n'chakuti mbali yaikulu ya zimene mdala uja ankachita sizifuna ndalama. Imikani nyama pamalo osalala, muyerekeze mawondo awiriwo ndi maso, kenaka ndi manja. Kodi chotupacho n'chotentha kapena chozizira, chofewa kapena cholimba? Mukadinikiza, nyama ikuthawitsa mwendo? Patulani ubweya mufunefune kabala, ndipo mukakapeza muone ngati pakutuluka timadzi tonanda. Pindani bondolo pang'onopang'ono muone ngati likufika pamene linzake likufika. Nyamulani chiboda, muchikolokose ndi kamtengo, mununkhize, muchigwire ngati chikutentha kuposa chinzake. Kenaka wina aikoke nyamayo ikubwera kwa inu, inu muziyang'ana mutu: umakwera pamene mwendo wopweteka waponda pansi, n'kutsika pamene wabwino waponda. Ngati nyama sikupondetsa n'komwe mwendo, ngati pali bala pafupi ndi bondo, ngati thupi latentha kapena yasiya kudya, ngati ndi kamwana, imeneyo si nkhani ya mawa. Masulani goli, itanani a vetenale. Pa kutupa kwatsopano kotentha, thirani madzi ozizira a pa mjigo kwa mphindi 15 kapena 20, kawiri kapena katatu pa tsiku. Ndikudziwa kuti ife tinakula ndi kuthowa, ndipo kuthowa kuli ndi malo ake, koma madzi otentha pa chotupa cha lero amangosonkhezera moto.

Za bulu pali chinthu china choyenera kuchidziwa. Kavalo akamva ululu amaonetsa: amapalasa pansi, amatuluka thukuta, amadzigubuduza. Bulu amangoti duu. Amazolika mutu, amachepetsa liwiro, amaima. Ife timati wayamba makani, timatenga chikwapu. Pofika poti bulu atsimphine moonekera kwa aliyense pamsika, ululuwo wakhala nawo nthawi. Mbiri yake ya kuuma mutu ndi bodza limene timadzitonthoza nalo pomumenya.

Ndikayang'ana ngolo za kuno ndimaona mawondo a mawa akuonongeka lero. Timamanga abulu m'goli la ng'ombe, chikhalirecho bulu alibe linunda ndipo mphamvu yake yokokera ili pachifuwa. Goli limamukanikiza pakhosi, katundu akapendekera kutsogolo kulemera konse kumatsikira pa miyendo yakutsogolo ija imene ndi yosenza kale zambiri. Ngolo zathu zambiri zilibe mabuleki, ndipo pa zitunda za kuno ku Dedza, potsetsereka, buleki ndi mawondo a bulu. Timawathamangitsa pa tala wolimba ndi woterera, akagwa chogwada timawadzutsa ndi ndodo. Timalowetsa m'goli tiana tosakwana zaka 3 mafupa asanakhwime, pamene ntchito yolemera imayenera kudikira mpaka cha m'ma 4. Ziboda timazisiya zikule mokhota mpaka mwendo wonse uponde chopendekera, pamene ku makola kuja wodula ziboda ankabwera pakatha masabata 6 kapena 8 alionse. M'mera mpoyamba. Nyamakazi imene timaiona pa bulu wa zaka 8 inabzalidwa ali ndi ziwiri.

Sindikunena kuti zonse zili pa mlimi. Mlimi amapita kwa wogulitsa botolo chifukwa ndiye ali pafupi. Ku Cape Town kuli bungwe la Cart Horse Protection Association, limene kuyambira 1995 lakhala likuthandiza anthu osauka otola zitsulo zakale ndi ngolo za akavalo: limadula ziboda ndi kuveka nsapato pa mtengo wotsika, limapereka chithandizo cha dokotala, ndipo limayang'anira katundu wa pa ngolo. Kuno kwathu a bungwe loteteza nyama la LSPCA akhala akufikira eni abulu m'madera ozungulira Lilongwe, ndipo ntchito yotere ikufunika m'maboma onse a ngolo. Popeza tsopano dziko lino likuphunzitsa lokha madokotala a ziweto ku Bunda, ndipo alangizi a ziweto amaphunzira ku Mikolongwe, pempho langa n'lakuti wophunzira aliyense asatuluke asananyamulepo chiboda cha bulu ndi kupinda bondo lake. Makhonsolo amene amatolera ndalama za msika pa ngolo zimenezi angathe kupatula tsiku limodzi pa mwezi loti mlangizi aziyang'ana miyendo ndi kuphunzitsa anyamata kudula ziboda ndi kusoka malamba a pachifuwa. Mpeni wa ziboda ndi tupa sizidula ngati ng'ombe ya mkaka. Ndipo ogulitsa mankhwala aphunzire kufunsa mafunso asanalandire ndalama.

Za bulu wa alamu anga zinatha motere. Titamasula goli ndinagwira bondolo. Linali lofewa, lozizira, ndipo podinikiza bulu sanasunthe khutu. Ndinatembenukira kwa kamnyamata koyendetsa ngoloyo, kamene nthawi yonseyi kanali kataima patali ndi chikwapu m'manja, wopanda wokafunsa kanthu.

"Iwe, bondoli latupa liti?"

"Kalekale, malume. Chiyambire mvula. Amagona pa miyala m'kholamo."

"Nanga kutsimphinaku?"

"Lachitatu lapitali, titachoka kokatenga mchenga kudambo."

Alamu anga anayang'ana kumbali. Bondolo iwo analiona tsiku lomwelo chifukwa cha kutsimphinako, pamene linali litatupa miyezi inayi. Ndinanyamula chiboda. Chinali chotentha, ndipo nditakolokosa matope ndinapeza kadontho kakuda m'mphepete, kamwala katalowa. Nditadinikiza pamenepo bulu analumpha. Mlangizi wa ziweto anabwera madzulo ake pa njinga, anasema pang'ono ndi mpeni, ndipo mafinya akuda onunkha anatuluka. Apo ndiye madzi ofunda a mchere anapeza ntchito yake: tinkaviika chibodacho m'chidebe m'mawa ndi madzulo, n'kuchikulunga ndi chiguduli choyera ndi saka. Mbatata ija inapita kumsika pa ngolo ya eni ena, ndipo alamu anga analipira akung'ung'udza. Patatha masiku 10 bulu anabwerera pa ntchito.

Bondo lija likadali lotupa mpaka lero, lachepako pang'ono chiikireni udzu m'khola. Anthu pamsika akamaliona amafunsabe alamu anga chifukwa chimene sakulibayitsa jakisoni. Iwo amangoloza kamnyamata kaja, kamene masiku ano, m'mawa uliwonse ngolo isanamangidwe, kamagwada m'khola n'kutsetsereka ndi chikhatho pa miyendo isanu ndi itatu.